Viola Spolin: mayi amene anaphunzitsa ana kulira ndi mapazi

Pa gawo lathu la mbiri mwezi uno tawoloka nyanja. Munthu amene tatenga ambiri dzina lake mukulimva koyamba, koma ntchito yake mwina munaigwirapo kale osadziwa mwini wake. Ngati pa maphunziro a drama munaimapo awiriawiri moyang'anizana, wina akusuntha dzanja pang'onopang'ono mnzake akutsanzira ngati galasi, ndiye kuti munadyapo za m'munda mwa Mayi Viola Spolin a ku America. Kwawoko amawatcha mayi wa improv, kutanthauza zisudzo za pompopompo, zija zopanda pepala, zomwe osewera amapeka ali pasiteji anthu akuonerera. Anamwalira mu 1994, chaka chomwe makolo athu kuno ankavota pachisankho cha matipate chija.

Tawasankhiranji? Pitani pa chionetsero chilichonse cha achinyamata m'boma lino, kaya ndi pa Kampepuza, pa Bawi kapena kumunsi ku Kasinje, mukaonere masewero a makalabu. Mitu imakhala yabwino ndithu: maukwati a ana, mimba za atsikana apasukulu, kachasu, kuyezetsa magazi. Koma zamumtima zimene osewera amaonetsa nthawi zambiri zimakhala ziwiri basi. Bambo ndi chidakwa chokalipa, mayi ndi wolira wogubuduzika pansi. Mtsikana akangouzidwa kuti sukulu yathera pomwepa akukwatiwa, amadziphimba chitenje kumaso n'kuyamba kukuwa, anthu n'kufa nalo phwete. Aseka pamalo pomwe amayenera kukhala zii, ndipo kholo limene linabwera lili ndi maganizo okwatitsa mwana wake limabwerera kwawo litangosangalala, osakhudzidwa n'komwe. Chonsecho pamoyo weniweni mtsikana woteroyo angathe kungokhala chete, kapena kuseka posakhulupirira, kapena kunyengerera bambo ake mwaulemu mtima ukuwira, kapena kuchita manyazi ngati wolakwa ndi iyeyo. Nanga zonsezi pasiteji zimapita kuti?

Mayi Spolin anatha moyo wawo akulimbana ndi funso longa lomweli. Munthu wamba, mwana amene sanapondeko ku sukulu ya zisudzo, angaonetse bwanji zamumtima zamitundumitundu popanda kunamizira? Sanaphunzitsepo munthu kapangidwe ka nkhope yachisoni. Iwo ankangopereka gemu.

Viola anabadwa pa 7 Novembala 1906 mumzinda wa Chicago, m'banja la Ayuda amene anachoka ku Russia kukafuna moyo wina ku America. Bambo ake, a Mills, anali wapolisi. Dzina ili la Spolin linadzabwera pambuyo, ndi la mwamuna wachiwiri, Edward Spolin. Pakhomo pawo sipankasowa masewera. Achibale akakumana ankavala zovala zachilendo n'kuyamba kuimba ndi kutsanzirana, kuseka mavuto awo omwe a anthu obwera: Chingerezi chothyokathyoka, kusaka ntchito, kusochera mumzinda wa eni. Amene muli ndi achimwene ku Joni mukuzidziwa nthabwala zamtunduwu, zija munthu amakamba akuseka koma maso atafiira.

Cha m'ma 1924, asanakwanitse zaka 20, Viola analowa sukulu ya mayi wina dzina lake Neva Boyd. Sinali ya zisudzo ayi. Inkaphunzitsa anthu okagwira ntchito yothandiza m'madera osauka, tinene kuti ngati alangizi athu a zachitukuko. Sukuluyi inali pa Hull House, nyumba imene Jane Addams ndi mnzake Ellen Gates Starr anatsegula mu 1889 pakati pa makomboni a anthu obwera. Kumeneko kunali Ataliyana, Agiriki, Ayuda, ochokera ku Poland ndi ena, aliyense ndi chinenero chake, umphawi wokha ndiye unali umodzi. Jane Addams anadzalandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1931.

Mayi Boyd ankakhulupirira chinthu chimene akuluakulu ambiri mpaka lero amachikana, chakuti masewera a ana si kutaya nthawi. Ankatolera magemu ndi magule a mitundu yosiyanasiyana n'kumaphunzitsa ophunzira awo kuwagwiritsa ntchito. Gemu ili ndi malamulo amene onse agwirizana, ili ndi vuto loti lithetsedwe, ndipo mwana akalowamo amaiwala kudzilondalonda. Taganizani za mtsikana wamanyazi amene m'kalasi satha kutchula ngakhale dzina lake mokweza. Muikeni pakati pa fulaye muone. Amalumpha, amazinda mpira, amakuwa, amawazuma oponyawo, akamugenda amakwiya zenizeni, botolo likadzaza mchenga amavina mpaka fumbi kobo. M'mphindi khumi zokha waonetsa mantha, mwano, mkwiyo, kunyada ndi chimwemwe, popanda womuuza kuti nkhope aipange bwanji. Viola anakhala zaka zitatu akuphunzira zimenezi, ndipo mpaka ukalamba wawo ankathokoza Mayi Boyd kuti ndiwo gwero la zonse.

Anakwatiwa akadali wachichepere, ndipo mu 1927 anabereka mwana wamwamuna, Paul, amene dziko linadzamudziwa ndi dzina lakuti Paul Sills. Dzinali mulisunge, tikumana nalo kutsogoloku. Banja loyambalo silinakhalitse. Chuma cha America nacho chinagwa mu 1929, moti pofika 1933 pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi aliwonse ofuna ntchito anali lova. Mu 1935 boma la Pulezidenti Roosevelt linakhazikitsa pulogalamu ya WPA yopatsa anthu ntchito, yofananako ndi zija za MASAF zolambula misewu, kungoti iyi inkalembanso oimba, ojambula ndi a zisudzo. Kuyambira 1939 mpaka 1941 Mayi Spolin anali woyang'anira zisudzo pansi pa pulogalamuyi ku Chicago, akugwira ntchito ndi ana ndi akuluakulu a m'makomboni omwe aja.

Apa m'pamene anakumana ndi khoma. Ambiri mwa anthuwa Chingerezi chinkawavuta. Ukawapatsa pepala loti aloweze, ankalakatula ngati ndakatulo ya pa asembule, manja ali m'mbali, maso ali kwa aphunzitsi kufuna kuona ngati akukhoza. Kuwafotokozera mwa mawu nakonso sikunkathandiza. Ndiye Mayi Spolin anayamba chizolowezi chimene anapita nacho mpaka kumanda: akaona vuto pasiteji, m'malo mokalipa ankapeka gemu yoti vutolo lithe lokha. Magemu ena anabadwa nthawi imeneyi, ena zaka zotsatira, koma tiyeni tiwaonere pamodzi. Malamulo ndi awo, zitsanzo zakunozi ndawonjezera ndine.

Osewera akuopa kukhudzana, aliyense wangoti njo ngati polo ya magetsi? Lamulo n'lakuti sungalankhule mawu atsopano usanamukhudze mnzako mwanjira yatsopano. Poyamba n'zophweka, wina agwira phewa, wina agwira dzanja. Posakhalitsa njira zosavutazo zatha, ndiye munthu ayamba kumukonza mnzake kolala, kumusansa fumbi pamsana, kumubaya ndi chala pachifuwa. Ndipotu kukhudza kulikonse kumabwera ndi katundu wake. Kukonza kolala kuli ndi chikondi, mwinanso chipongwe, kubaya ndi chala kuli ndi mwano, ndipo wobayidwayo thupi lake limayankha lokha asanaganize.

Akulankhula zambirimbiri koma osamvana? Achotsereni chinenero. Alankhule zobwebweta, mawu opanda tanthauzo m'chinenero chilichonse, koma mnzawo amve zimene akufuna. Yerekezani mayi wogulitsa kachewere pa Lizulu ndi kasitomala wonenerera, onse akubwebweta. Mudzadziwabe pamene mtengo watchulidwa, pamene kasitomala wanyoza katundu, pamene mayi wapsa mtima koma akudzigwira poti ndalamayo akuifuna, pamene kasitomala wanamizira kuchoka, mpaka pamene agwirizana mayi n'kuponyapo basela monyinyirika. Kwa ana a ku Hull House gemu iyi inali ufulu, chifukwa wodziwa Chingerezi ndi wosadziwa ankafanana.

Imene ine imandikomera koposa ndi ya mapazi. Mumatchinga osewera ndi nsalu kuti oonerera azingoona miyendo yokha, ndipo miyendoyo ifotokoze kuti awa ndi ndani, ali kuti, mumtima muli zotani. Mapazi a mnyamata amene akudikira chibwenzi kuseri kwa mjigo ndi osiyana ndi a munthu amene wakhala pabenchi kuchipatala kudikira zotsatira za magazi, ngakhale onse akudikira. Mapazi a mwana amene waswa mbale amabisalirana, lina kuseri kwa linzake. A mkazi wamasiye pobwera kumanda amakwakwaza. Palinso gemu ya manja okha ndi ya msana wokha, imene wosewera amafulatira anthu, iwo n'kumawerenga mapewa ndi khosi. Munthu amene wasewerapo magemu atatuwa sadaliranso nkhope yokha, ndipo pachionetsero cha pabwalo, pomwe anthu akumbuyo nkhope saiona n'komwe, chimenechi n'chuma.

Ina ndi ya kukuwa kopanda mawu. Gulu lonse limakuwa koma osatulutsa liwu, mphunzitsi akuwalimbikitsa kuti kukuwako kufike m'zala zakumapazi, m'maso, m'mimba, pamsana, thupi lonse. Akaona kuti zagwira, amawalola kutulutsa liwu. Kukuwa kumene kumatuluka pamenepo sikufanana ndi kuja kwapakhosi kumene kumaseketsa anthu.

Koma mtima wa nkhani yathu uli pa gemu ya kusintha kwa zamumtima. Wosewera amagwira ntchito inayake mpaka kuimaliza ali ndi mtima wina, kenako china chake chimachitika, ndipo amayenera kuimasula ntchito yomweyo ali ndi mtima wosiyana. Nachi chitsanzo. Mtsikana wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, akulongedza chikwama. Apinda yunifolomu, aisalaza ndi dzanja, aika sopo, makope, ndi nsapato zimene wapukuta kawiri. Watseka chikwama. Uthenga wafika kuti fizi yasowa, sapitanso. Tsopano atulutse zonse, chimodzichimodzi, n'kubwezera pamene anazitenga. Palibe mawu, palibe lamulo loti alire. Dzanja lomwe lija linasalaza yunifolomu mwina tsopano liiponya pakona, mwina liisalazanso motalika kuposa poyamba. Osewera asanu adzachita mosiyana kasanu. Wina adzaonetsa mkwiyo, wina manyazi, wina kuuma mtima, wina chiyembekezo chosafuna kufa posiya kope limodzi m'chikwamamo. Zonsezo n'zoona, ndipo sindikhulupirira kuti pangapezeke woseka. Palinso mng'ono wake wa gemuyi, pomwe wosewera amasankhiratu kudumpha kuchoka pa mtima wina kufika pa wina wakutali, monga kuchoka pa mantha kufika pa kulimba mtima, ndipo ntchito yake n'kupeza m'seweromo chifukwa chomveka chosinthira.

Mukaonetsetsa, m'magemu onsewa wosewera sauzidwa kuti amve chisoni kapena akwiye. Amapatsidwa chinthu chimodzi choti aikepo maganizo, kaya ndi kukhudza mnzake, kaya ndi chikwama, zamumtima n'kubwera zokha ngati mlendo wolowera kukhomo lakuseri. Mphunzitsi naye saimitsa sewero kuti aonetse mmene iye akanachitira. Amaima pambali ngati kochi wa mpira kunja kwa mzere, n'kumaponya mawu achidule okumbutsa osewera pomwe maganizo awo ayenera kukhala, gemu ikupitirira. Ndiponso pa chilichonse ankafuna kuti osewera agwirizane zinthu zitatu: tili kuti, ndife ndani, tikuchita chiyani. Mipando, mbale, zitseko, zambiri zinkakhala zam'malere, zoumba ndi manja mumpweya, moti kusowa ndalama zogulira katundu wapasiteji sikunali chifukwa cholepherera.

Chimene Mayi Spolin ankadana nacho kwambiri ndi mtima wofuna kuyamikiridwa ndi woopa kudzudzulidwa. Ankaona kuti kuyambira tili ana timakula tikuyang'ana nkhope za akuluakulu kuti tidziwe ngati takhoza kapena talakwa, mpaka timasiya kuona ndi maso athu. Wosewera wotere pasiteji saona mnzake, amangodziona yekha. Ngati anthu anaseka atagwa ulendo woyamba, adzagwanso kachiwiri ndi kachitatu. N'chifukwa chake gemu ikatha iwo sankalola funso loti zinali bwino kapena zinali zoipa. Oonerera, amene ankakhala osewera anzawo omwe, ankangofunsidwa zimene aona: kodi malo aja anali ati, kodi chikwama chija chinali cholemera, kodi vuto limene anapatsidwa alithetsa? Ngakhale kuyamikira kwa mphunzitsi ankakukayikira, poti mwana woyamikiridwa lero mawa adzabwereza zomwezo kuti ayamikiridwenso. Apa pokha ine ndimaona ngati mayiwa anaumitsa zinthu pang'ono, pakuti mwana amene kwawo sanamvepo mawu abwino, kumuuza kuti wachita bwino sikungamuwononge. Komabe mfundo yawo ndi yolimba. Ma director a makalabu amene amakalipira anzawo pamaso pa gulu akupanga osewera amantha, ndipo munthu wamantha amangogwira zamumtima ziwiri zija zomwe akudziwa kuti sizingamuchititse manyazi.

Palinso china chimene ndikufuna atsogoleri a drama achimvetse. M'zaka zomwezo ku New York kunali mphunzitsi wotchuka, Lee Strasberg, amene anatsogolera Actors Studio kuyambira 1951 ndipo anaphunzitsa akatswiri monga Al Pacino. Njira yake inali yoti wosewera akumbe m'moyo wake, akumbukire zimene zinamuchitikiradi, kuti atulutse zamumtima zofunika pasiteji. Mayi Spolin sanatsate njira imeneyi. Kwa iwo, kuvundukula mabala a munthu ndi ntchito ya ochiritsa maganizo, pomwe za pasiteji ziyenera kubadwa pompo, kuchokera pa zimene zikuchitika pakati pa osewera. Nkhaniyi kuno si ya m'mabuku ayi. M'makalabu mwathu muli ana amasiye, muli atsikana amene anabwezedwa kuukwati, muli amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku anzawo osadziwa. Kumuuza wina kuti akumbukire tsiku limene anaika mayi ake kuti alire bwino pachionetsero n'kumudula ndi lumo kenako n'kumusiya abwerere yekha kunyumba usiku. Misozi ituluka inde, anthu awomba m'manja, koma womusoka ndani? Gemu ya chikwama ija imafikitsa oonerera pamalo omwewo, ndipo wosewera akatsika pasiteji chisonicho amachisiya m'chikwama momwemo.

Tibwerere ku mbiri. Ku Chicago komweko, ana a Mayi Spolin anayamba kuchita chinthu chimene lero chili paliponse pomwe pali improv, kupempha oonerera kuti atchule malo, anthu kapena vuto, iwo n'kupanga sewero nthawi yomweyo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mayiwa anali atasamukira ku California, ndipo anatsegula Young Actors Company ku Hollywood, gulu lophunzitsa ana kuyambira a zaka 6. Mmodzi mwa anawo anali Paul Sand, amene anadzakhala katswiri wodziwika. Anagwira ntchitoyi mpaka cha m'ma 1955.

Nthawiyi Paul Sills uja anali atakula, ndipo magemu a mayi ake anali m'magazi. Mu 1955 iye ndi David Shepherd anayambitsa gulu la Compass Players, limene linkasewera m'chipinda cha pabala pafupi ndi University of Chicago. Ankalemba mafupa okha a nkhani, mawu n'kumapeka pasiteji, ndipo nthawi zina ankasewera nkhani za m'nyuzipepala ya tsiku lomwelo. Mayi Spolin anabwerera ku Chicago kukaphunzitsa osewerawo. M'gululi munatuluka Mike Nichols ndi Elaine May, awiri amene ankatha kuseketsa anthu ndi nkhani zopweteka za makolo ndi ana kapena za zibwenzi. Nichols anadzapata mphoto ya Oscar potsogolera filimu ya The Graduate ya mu 1967. Kenako pa 16 Disembala 1959, Sills pamodzi ndi Bernard Sahlins ndi Howard Alk anatsegula The Second City, ndipo kuyambira 1960 mpaka 1965 mayi ake ndi amene ankayendetsa maphunziro kumeneko. Malowa alipobe mpaka lero. Anadutsapo Bill Murray, Tina Fey, Steve Carell, Stephen Colbert, komanso Keegan-Michael Key wa Key and Peele, uja timagawana timavidiyo take pa WhatsApp. Magemu opekedwera ana osauka osadziwa Chingerezi ndi amene anadzaumba anthu oseketsa America yonse.

Mu 1963 Northwestern University Press inasindikiza buku lawo, Improvisation for the Theater, lokhala ndi magemu oposa 200. Linasindikizidwanso mu 1983 ndi mu 1999, ndipo aphunzitsi a zisudzo m'mayiko ambiri akuligwiritsabe ntchito. Chodabwitsa n'chakuti mwini wake sankafuna kuti improv ingokhala mpikisano wa nthabwala. Wosewera wothamangira kunena mawu anzeru kuti anthu aseke ankamuona ngati wathawa gemu, chifukwa wasiya kumvera mnzake n'kuyamba kulemba sewero m'mutu mwake. Kuseka sankakukana, bola kubwere kokha. Ndipo n'zoona, kuseka ndi kulira zimakhala moyandikana. Pa maliro usiku anthu amalira, wina n'kukumbutsa zimene malemu ankachita akakhuta, msasa wonse n'kuseka, kenako bata, kenako nyimbo. Sewero limene lingathe kuyenda njira yonseyo ndi limene iwo ankalifuna.

Wina asamve ngati kupeka pasiteji tinachita kuphunzira ku Chicago. Agogo pokamba nthano amasintha mawu, kalulu wochenjera, fisi wadyera, mwana wamasiye wolira, zonse pakamwa pamodzi. Ana pa masanje amapeka banja lathunthu, mikangano yake ndi yomwe. M'zaka za m'ma 1980 gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, pansi pa aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkayenda m'midzi ndi masewero a m'Chichewa opekedwa pagulu, anthu a m'mudzi akulowererapo. Inali nthawi imene lamulo la 1968 linkafuna kuti masewero aziyamba aonedwa ndi a Censorship Board, ndipo nkhope, kaimidwe ndi kukhala chete n'zinthu zimene sizilembeka papepala. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo a Kwathu Drama Group, anali akadaulo pomverana ndi kuponyerana mawu. Luso lilipo kale. Chimene Mayi Spolin anawonjezera ndi makwerero, njira yoti amene sanabadwe Izeki akwere pang'onopang'ono, ndi yoti gulu la anthu 20 liphunzire limodzi m'malo modalira awiri aluso ena n'kumangodzaza siteji.

Sikuti zonse zinawayendera. Mu 1965 iwo ndi mwana wawo anatsegula Game Theater ku Chicago, malo omwe oonerera ankaitanidwa kudzasewera nawo magemu, kuti pasakhalenso malire pakati pa siteji ndi mabenchi. Anthu sanabwere okwanira, ndipo malowa anatsekedwa patangopita miyezi yochepa. Chimene chinaphula kanthu ndi Story Theatre ya Paul Sills, pomwe osewera amakamba nthano uku akuisewera okha. Inafika pa Broadway ku New York mu 1970 ndi nthano za Grimm ndi Aesop, mayi ake akuthandizira kuphunzitsa, ndipo Paul Sand, mwana wa ku Hollywood uja, anapata nayo mphoto ya Tony. Chaka chomwecho Mayi Spolin anaonekera mufilimu ya Alex in Wonderland ngati mayi wa munthu amene ankaseweredwa ndi Donald Sutherland.

Zaka zawo zomaliza anabwerera kumene anayambira, kwa ana ndi aphunzitsi. Mu 1975 anatulutsa Theater Game File, magemu olembedwa pa makadi kuti mphunzitsi wamba wa m'kalasi angotenga khadi limodzi n'kuyamba. Mu 1976 anatsegula Spolin Theater Game Center ku Hollywood. Mu 1985 kunatuluka buku la otsogolera masewero, Theater Games for Rehearsal, ndipo mu 1986 la aphunzitsi, Theater Games for the Classroom. Anamwalira ku Los Angeles pa 22 Novembala 1994 ali ndi zaka 88. Paul Sills anapitiriza kuphunzitsa magemu a mayi ake mpaka naye anatsikira kulichete mu 2008.

A gulu la drama, tikakumana ulendo ukubwerawu tiyamba ndi gemu ya mapazi, kenako ya chikwama. Pakufunika zitenje ziwiri ndi chingwe. Chikwama musabwere nacho, chikhala cham'malere.